Nyama ya Galu, Alendo Athu ndi Ife Eni Mudzi

Nkhata Bay ndi mudzi wa alendo. Chiyambire chaka cha 1951, pamene sitima ya Ilala idayamba kuyenda pa nyanja yathu, doko lino lakhala likulandira anthu a mitundu yonse: amalonda a ku Likoma ndi ku Chizumulu, abale a ku Usisya ndi ku Ruarwe, ndiponso azungu obereka zikwama kumsana amene amatsetsereka kuchokera ku Mzuzu kudzasambira ku Chikale. Ena amangogona masiku aŵiri nkumapita. Ena amakhazikika ndithu: amatsekula nyumba zogona alendo m'mbali mwa nyanja, amaphunzitsa m'sukulu zathu, amathandiza m'zipatala, mwinanso kukwatira konkuno. Ndipo masiku ano si a ku Ulaya ndi ku America okha ai. Chiyambire pamene dziko lathu lidapalana ubwenzi ndi dziko la China kumapeto kwa chaka cha 2007, takhala tikuonanso anthu a ku Asia m'masitolo ndi pa ntchito zomanga misewu ndi nyumba.

Anthu a mitundu yosiyana akakhala pa mkeka umodzi, nkhani imene sichedwa kubuka ndi ya ndiwo. Kodi kwanu mumadya chiyani? Nanga ichi mumadya bwanji? Mwa nkhani zonse zotere, palibe imene imatenthetsa mitima ngati ya nyama ya galu. Akhristu athu amene amagwira ntchito yophika, yaulonda ndi yopalasa mabwato kwa alendo amamva mabwana ao akukangana za nkhaniyi, ndipo funso limadzafika kwa ife ansembe pakhonde la tchalitchi: "Abambo, kodi kudya galu ndi tchimo?" Tonse tikudziŵa kuti kuno kwathu galu si ndiwo. Atonga, Atumbuka, Acheŵa, Angoni ndi Ayao, onse amagwirizana pamenepa. Wina angafunse tsono kuti tikutayiranji nthaŵi pa chinthu chimene sitichita. Yankho lake ndi lakuti m'mene munthu amakambira za m'mbale ya mnzake ndi m'menenso amamuonera mnzakeyo, ndipo kuseri kwa funso looneka loseketsali kwabisala milandu yeniyeni: nkhanza, kuba, bodza, matenda ndi miseche.

Tikamvetsera bwino, mau a alendo athu amagaŵika patatu. Gulu loyamba, limene ndi lalikulu, ndi la iwo amene amaona galu ngati mwana wa m'nyumba. Kwao galu ali ndi dzina, mbale yake, pogona pake ndi dokotala wake. Otereŵa akamva za chikondwerero cha mu mzinda wa Yulin, m'chigawo cha Guangxi ku China, kumene agalu ambiri amaphedwa m'mwezi wa Juni, mtima umaŵaŵa ngati amva uthenga wa maliro, ndipo sachedwa kunena kuti odya galu alibe umunthu. Gulu lachiŵiri ndi la achinyamata oyenda maiko ambiri. Iwoŵa amati mtundu uliwonse uli ndi mwambo wake, tsono palibe choipa, palibe chabwino. Ena mwa iwo amachita kudzitama kuti adalaŵako galu ku Vietnam, monga m'mene mlenje amadzitamira ndi chikopa cha nyalugwe. Gulu lachitatu silimveka mau kwenikweni. Ndi la anzathu a ku China ndi ku Korea, amene amalozedwa chala ndi onse, ngakhale kuti ambiri mwa iwo sadaikepo nyama imeneyi m'kamwa chibadwire.

Tisanaweruze pakati pa magulu ameneŵa, tiyenera kulekanitsa zinthu ziŵiri zimene zimafanana nkhope koma si zapachibale: kunyansidwa ndi chikumbumtima. Kunyansidwa timakuphunzira pa miyendo ya amai athu tisanadziŵe nkomwe kulankhula. Ife a m'mbali mwa nyanja tikaona mtambo wa nkhungu ukufuka pamadzi ngati utsi, timadziŵa kuti ndiwo zafika. Amai amatuluka ndi madengu, amakola tizilomboto tosaoneka ndi maso bwinobwino, amatiumba mikate ndi kuyanika. Koma mlendo wa ku Dedza akaona mkate wakudawo amayang'ana kumbali, pomwe iye yemweyo amadya mbeŵa za m'kapani mpaka mutu, chinthu chimene ambiri kuno sangachiyerekeze. Angoni a ku Mzimba kale ankakana nsomba, pomwe anansi ao Atonga sankadziŵa nsima yopanda usipa. Ngakhale fungo la chinangwa choviika cha kondowole wathu limathaŵitsa ena. Chodabwitsa nchakuti David Livingstone ndi anzake, atafika m'dera lathu lino pa bwato m'chaka cha 1861, adapatsidwa mkate wa nkhungu, adaulaŵa, ndipo adafanizira kukoma kwake ndi mazira a nsomba amene olemera a ku Ulaya amagula pa mtengo wokwera, kapenanso dzombe lothira mchere. Mlendo ameneyo adalandira chimene adapatsidwa popanda kunyoza mwini mbale.

Nawonso alendo athu a ku Ulaya ali ndi mbiri yao ya m'mbale, imene ena mwa iwo adaiŵala. Ku France, ku Italy ndi ku Belgium nyama ya kavalo imagulitsidwa m'mabutchala poyera, pomwe Mngelezi akaimva dzina lokha amachita nseru. Asilikali a Prussia atazinga mzinda wa Paris m'zaka za 1870 ndi 1871, njala idakula kotero kuti anthu ankagula nyama ya galu, ya mphaka ndi ya makoswe pamsika. Ku Germany kupha agalu kuti akhale chakudya kudaletsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1986, dzulodzuloli. Roald Amundsen wa ku Norway, amene adali woyamba kufika pa nsonga ya kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi pa 14 Disembala 1911, adanyamuka ndi agalu 52 okoka katundu ndipo adabwerera ndi 11 okha; ambiri mwa enawo adaphedwa panjira mochita kukonzeratu, kuti adyetse agalu anzao ndi anthu omwe. Komabe kwao amamuimbira m'manja ngati ngwazi. Makolo athu adanena zoona kuti anyani amasekana zikundu.

Nanga Malembo Oyera akutiuza chiyani? Malamulo a Mose, m'buku la Levitiko mutu 11, adaletsa Aisraele kudya nyama zoyenda ndi zikhatho, ndiye kuti galu ali m'gulu lomwelo. Koma mutu womwewo udaletsanso nkhumba, kalulu, mbeŵa ndi nsomba zonse zopanda mamba. Munthu wofuna kutsutsa wodya galu ndi lamulo limeneli ayambe wataya mlamba ndi kampango wake. Ambuye Yesu, monga timaŵerengera mu Mthenga Wabwino wa Marko mutu 7, adaphunzitsa kuti chodetsa munthu si chimene chimaloŵa m'mimba, koma zoipa zimene zimatuluka mumtima. Ndipo m'buku la Ntchito za Atumwi mutu 10, Petulo Woyera ali ku Yopa adaona m'masomphenya chinsalu chodzaza ndi nyama zimene iye ankanyansidwa nazo, nauzidwa kuti asatchule chodetsedwa chimene Mulungu wachiyeretsa. Tisaiŵale chimene chidatsatira. Masomphenyawo atangotha, pachipata padafika amithenga a Kornelio, munthu wa mtundu wina. Petulo adazindikira kuti phunzirolo silidali la nyama chabe, koma la mlendo amene Myuda sankafuna kudya naye.

Nzoona kuti Mpingo nthaŵi zina udaletsapo zakudya. M'chaka cha 732 Papa Gregory III adalembera Boniface Woyera, amene ankalalika pakati pa mitundu ya ku Germany, kuti aletse akhristu atsopano kudya nyama ya kavalo. Nyama imeneyo pa nthaŵiyo idali yolumikizana ndi miyambo yachikunja ya anthu a kumeneko, ndipo lamulolo lidazilala lokha zaka zitapita. Lero palibe Mkatolika wa ku Italy amene amakalapa kuti wadya kavalo. Tsono kwa mkhristu wofunsa pakhonde uja tiyenera kuyankha mosabisa: kudya nyama ya galu, pakokha, si tchimo. Mlimi wa ku Korea, kapena wa m'madera ena a ku Nigeria ndi ku Ghana kumene nyamayi imadyedwa, sali patali ndi Mulungu chifukwa cha ndiwo zake. Amene amamutcha wopanda umunthu akuchimwira chikondi, ndipo mlandu umenewo ndi wolemera kuposa wa m'mbale.

Kodi pamenepa ndiye kuti achinyamata a gulu lachiŵiri aja apambana mlandu? Iyai. Kunena kuti nyama ili yosadetsedwa sikunena kuti njira iliyonse yoipezera ndi yabwino. Mwambo si chishango chobisaliramo choipa chilichonse. Chikumbumtima chili ndi mafunso ake, ndipo mafunso ameneŵa sasankha mtundu wa munthu kapena wa nyama.

Funso loyamba ndi la nkhanza. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene adatuluka m'chaka cha 1992, akufotokoza za nyama pa ndime 2415 mpaka 2418. Akuti nyama ndi zolengedwa za Mulungu zoyenera kuchitiridwa chifundo. Akuti nkololedwa kuzigwiritsa ntchito pa chakudya ndi pa zovala. Koma akutinso kuzizunza kapena kuzipha popanda chifukwa kumatsitsa ulemu wa munthu mwini wakeyo. Papa Francis adabwerezanso mfundo yomweyi m'kalata yake ya Laudato Si' m'chaka cha 2015. Pamenepa alendo okonda agalu ali ndi mfundo yolimba. Pa malonda a nyama ya galu ku Asia, agalu amapanikizidwa m'makola a waya, amayenda ulendo wautali pa malole popanda madzi, ndipo ena amaphedwa pochita kumenyedwa. Zimenezi nzoipa ku Yulin monga zikadaipira ku Chintheche. Koma muyeso ukhale umodzi. Mbuzi yomangidwa miyendo pa njinga dzuŵa lili pamutu kuchokera ku Mpamba mpaka ku msika, nkhuku zolendeŵera mitu pansi, nkhumba yolira mtunda wonse chingwe chitaloŵa m'mnofu, nazonso zikumva kuŵaŵa. Ndipo nyama yotsika mtengo imene alendo athu amadya kwao kaŵirikaŵiri imachokera ku nkhuku ndi nkhumba zimene sizidapondepo dothi kapena kuona dzuŵa. Munthu wolirira galu yekha, nkhumba nkuitsekera khutu, sakutsogozedwa ndi chifundo koma ndi chizoloŵezi.

Funso lachiŵiri ndi la kuba. Nzochititsa chidwi kuti Katekisimu adaika chiphunzitso cha nyama pansi pa lamulo lachisanu ndi chiŵiri, loletsa kuba. M'maiko monga Vietnam, ambiri mwa agalu ofika pamsika ndi obedwa m'makomo mwa anthu usiku. Wogula nyama yotere amakhala mnzake wa mbala, ngakhale mwambo wa kwao utamulola kudya.

Funso lachitatu ndi la bodza, ndipo ili ndi limene likutikhudza kwambiri ife kuno ku Malaŵi. Nthaŵi ndi nthaŵi timamva pa wailesi ndi m'nyuzipepala kuti wina wagwidwa akugulitsa nyama ya galu ponama kuti ndi ya mbuzi, makamaka pa malo omwera moŵa kumene kanyenya amadyedwa mumdima. Mlandu wa munthu wotere si wakuti galu ndi wodetsedwa. Mlandu wake ndi wakuti wadyetsa mnzake chimene mnzakeyo sakadalola kudya, ndipo wamulanda ndalama mwachinyengo. A ku Ulaya nawonso adaziona zimenezi m'chaka cha 2013, pamene ku Ireland ndi ku Britain kudapezeka nyama ya kavalo m'zakudya zolembedwa kuti ndi za ng'ombe. Ngakhale a ku France, amene kavalo amadya, adakwiya nazo, chifukwa munthu aliyense ali ndi ufulu wodziŵa chimene akuika m'kamwa.

Funso lachinai ndi la matenda. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization likuti anthu pafupifupi 59,000 amafa chaka chilichonse ndi chiwewe, makamaka mu Africa ndi mu Asia, ndipo pa anthu 10 aliwonse ofa motero, pafupifupi 4 amakhala ana osafika zaka 15. Pafupifupi onse amatenga matendaŵa kwa galu. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro, palibe mankhwala ochiza. Galu wogwidwa m'tchire kapena wobedwa palibe amene amadziŵa za katemera wake, ndipo palibe mlangizi wa ziŵeto amene amayesa nyama yake. Womugwira, womupha ndi womusenda onse amaika moyo wao pa chiswe. Pamenepa lamulo lachisanu, loteteza moyo, likulankhula momveka.

Patsala chinthu china chimene sichili lamulo, komabe sitingachinyoze. Akatswiri ofufuza zakale amati galu ndiye nyama yoyamba imene munthu adaŵeta, zaka zoposa 14,000 zapitazo, mbuzi ndi ng'ombe zisanaloŵe m'khola. Mbuzi timaiŵeta kuti tidzaidye. Galu timamuŵeta kuti atithandize. Amatilondera usiku, amapirikitsa anyani m'munda wa chinangwa, amatsogolera mlenje ku uzimba, ndipo mlenje wodziŵa mwambo samumana gawo lake pa nyama imene yaphedwa. M'buku la Tobiti timaŵerenga kuti mnyamata Tobiyasi popita ku ulendo wake wautali ndi mngelo, galu adatsagana nao, ndipo adabwerera nao limodzi. Pakati pa munthu ndi galu pali ngati pangano losalembedwa: iwe undilondere, ine ndikudyetse. Mtima umene umakana kudya wogona pakhomo pako ukusunga chinthu chabwino, ndiko kukhulupirika kwa amene amatikhulupirira. Tsono kukana kwathu ife Amalaŵi, ndi kukana kwa alendo a gulu loyamba, sikuli kopanda nzeru. Cholakwa chimabwera pokhapokha pamene tisandutsa kukana kwathu kukhala ndodo yomenyera mtundu wina.

Ndipo tiyenera kudziŵa kuti maiko amene amanenedwawo sadangokhala chete. Ku Hong Kong kupha agalu ndi amphaka kuti adyedwe kudaletsedwa kale m'chaka cha 1950. Dziko la Taiwan lidaletsa kudya nyamazi mu 2017. Mzinda wa Shenzhen ku China udachita chimodzimodzi kuyambira pa 1 Meyi 2020, ndipo chaka chomwecho boma la China silidaike galu pa mndandanda wa ziŵeto zodyedwa. Ku South Korea, kumene m'chaka cha 2022 kudali mafamu oposa 1,100 osunga agalu oposa 500,000 a nyama, Nyumba ya Malamulo idavomereza pa 9 Januwale 2024, popanda phungu ndi mmodzi yemwe wotsutsa, lamulo lothetsa kuŵeta, kupha ndi kugulitsa agalu a chakudya. Lamulolo lidapatsa alimi ndi eni malo odyera zaka 3 zoti asinthe ntchito, kufikira Febuluwale 2027. Tiwone bwino kuti kusintha kumeneku kudakhwima m'mitima ya eni dziko, pamene mabanja ambiri adayamba kusunga agalu m'nyumba ndipo achinyamata adaleka kufuna nyamayo. Mwano wa akunja ukadakhala wokha ukadangoumitsa mitima. Munthu sasiya mwambo wake chifukwa chotukwanidwa.

Paulo Woyera adakumana ndi mkangano wa zakudya pakati pa akhristu a ku Roma ndi a ku Korinto, ndipo uphungu wake, m'kalata ya kwa Aroma mutu 14 ndi yoyamba ya kwa Akorinto mutu 8, ukugwirabe ntchito pa doko lathu lino. Wodya asanyoze wosadya, wosadya asaweruze wodya. Koma amene akudziŵa kuti chakudya chake chikhumudwitsa mbale wake, ndi bwino achileke chifukwa cha chikondi. Mlendo aliyense amene kwao galu ndi ndiwo, akafika pakati pa anthu amene zimawapweteka mtima, achita bwino kudziletsa, ndipo asakope anyamata osoŵa ntchito ndi ndalama kuti akamusakire agalu a eni. Mlendo ndi mame. Asasiye chilonda pamudzi pamene wangodutsapo.

Kwa alendo athu okonda agalu tili ndi mau aŵiri, othokoza ndi ochenjeza. Tithokoze chifukwa ambiri mwa iwo achita zazikulu. Bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals lakhala likuchiza ndi kutemera ziŵeto za anthu osauka. Bungwe la Mission Rabies lidayamba ntchito yake mu Blantyre m'chaka cha 2015, ndipo chaka chomwecho lidatemera agalu oposa 35,000 mu mzindawo. Ntchito imeneyi yapulumutsa ana a anthu, osati agalu okha, pakuti akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse akalandira katemera, chiwewe chimasoŵa njira yofalira. Koma Katekisimu yemwe uja ali ndi mbali yachiŵiri imene siŵerengedwa kaŵirikaŵiri. Akuti nkosayenera kuwonongera pa nyama chuma chimene chidayenera kuyamba chathandiza anthu ovutika, ndiponso kuti chikondi choyenera munthu chisapatsidwe kwa nyama. Pali makomo ena m'mbali mwa nyanja yathu pamene chakudya cha galu cha mwezi umodzi chimaposa malipiro a mlonda amene amachezera usiku wonse limodzi ndi galuyo. Galu akadwala, galimoto imanyamuka nthaŵi yomweyo kupita ku Mzuzu. Mwana wa wophika akadwala malungo, bambo wake amauzidwa kuti ayambe watsiriza mbale. Si onse amene amatero ai, koma amene amatero akumbukire fanizo la Lazaro mu Mthenga Wabwino wa Luka mutu 16, m'mene agalu adamuona mmphaŵi wa pachipata pomwe mwini nyumba sadamuone.

Komatu mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo funso limene alendo amafunsa eni mudzi nalonso limacheka: "Inu simudya galu, nzoona, nanga bwanji mumamusunga chonchi?" Tayang'anani galu wa m'makomo ambiri. Nthiti zake zimaŵerengeka uli patali, makutu ake adadyeka ndi ntchentche, chakudya chake ndi chimene angatole kudzala. Akayandikira pamene anthu akudya amalandira chikuni chamoto. Ana amamugenda kuti aseke, akulu ali chipenyere. Mu Lilongwe tiana ta agalu timagulitsidwa m'mbali mwa msewu, titanyamulidwa m'mwamba pa dzuŵa tsiku lonse. Ndipo munthu akafuna kutukwana mnzake kotheratu, dzina limene amasankha ndi la galu yemweyo amene amamulondera nyumba. Kodi galu wophedwa tsiku limodzi ndi galu wozunzika ndi njala zaka zisanu, wovutika koposa ndi uti? Kusadya galu pakokha sikupatsa munthu ufulu wodzitama. Mwana amene wazoloŵera kuseka nyama ikamalira akuphunzira phunziro limene tsiku lina adzaligwiritsa ntchito pa mkazi wake ndi pa ana ake.

Mlandu wotsiriza ndi wa lilime. Galu akasoŵa pamudzi, sipatenga nthaŵi kuti wina anong'one kuti adyedwa ndi Mtchaina wa pa sitolo, popanda mboni, popanda umboni. Ana amamva zimenezi kwa akulu, ndipo maŵa lake amakuwiza munthu wosalakwa pa msewu. Kumeneku ndi kuchimwira lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa kunamizira mnzathu. Anthu a boma lino ayenera kukhala oyamba kudana ndi khalidwe lotere, pakuti ndi mudzi uti wa Atonga umene ulibe mwana wake ku Joni kapena ku Harare? Agogo athu adayenda pansi kukafuna ntchito ku migodi ndi m'nyumba za azungu a kumwera, ndipo akudziŵa kuŵaŵa kwa kupatsidwa dzina lachipongwe m'dziko la eni. M'zaka za 2008 ndi 2015 abale athu ambiri adabwerera kuchokera ku South Africa ali manja lende, atathaŵa zipolowe zodana ndi alendo. Zipolowe zotere siziyamba ndi zikwanje. Zimayamba ndi nthabwala ndi manong'onong'o onena kuti anthu aŵa si anzathu, taonani zimene amadya. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Tsono, inu makolo, nkhani imeneyi ikadzafika pa mphasa ya banja lanu, musaithere m'kuseka kokha. Ngati pakhomo pali galu, akhale ndi gawo lake la nsima ndi madzi oyera tsiku ndi tsiku; ngati banja silingathe kumudyetsa, ndi bwino kusamuŵeta. Alangizi a ziŵeto akalengeza tsiku la katemera, mutengereni komweko osazengereza, pakuti pakadafunda padajiwitsa galu. Mwana akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo thamangirani naye ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala litaoneka laling'ono. Nyama muzigula kwa munthu wodziŵika, pa malo pamene imayesedwa. Mbuzi ndi nkhuku zopita ku msika muzizinyamula mwachifundo, ndipo pozipha muzichita msanga. Amene mwalemba anthu ntchito, kaya ndinu alendo kaya eni dziko, yerekezani mbale ya galu wanu ndi malipiro a mlonda wanu. Ndipo mwana akabwera ndi nyimbo yonyoza mtundu wina chifukwa cha zakudya zao, mufunseni ngati angakonde kuti a ku Dedza amuimbe nyimbo chifukwa cha nkhungu.

Mlengi adagaŵira mtundu uliwonse ndiwo zake monga mwa nthaka, nyanja ndi njala zimene mtunduwo udakumana nazo. Pa tsiku lomaliza sitikhulupirira kuti adzatifunsa maina a nyama zimene tidadya ndi zimene tidakana. Adzatifunsa ngati tidazipeza mwachilungamo, ngati tidazichitira chifundo zili moyo, ngati wanjala wa pachipata tidamugaŵirako, ndiponso ngati mlendo amene adakhala nafe pa mkeka adanyamuka ndi ulemu wake wonse.